Ngalande ya msodzi ndi mwendo wa ng'ombe: zimene ndaphunzira pa mikangano ya madzi ku Nyanja ya Chad

Nkhani ya kusintha kwa nyengo ndi nkhondo imakambidwa mwachidule kwambiri: madzi aphwa, ndiye anthu ayamba kuphana polimbirana otsalawo. Ife amene timagwira ntchito yolandira othawa kwawo ndi kuyanjanitsa midzi yoyambana timadziwa kuti chilala chisanafike pa mfuti pamadutsa zinthu zingapo, ndipo chilichonse mwa izo chikhoza kuimitsidwa ngati pali munthu amene akuchiona msanga. Ndikulemberani za dera la Nyanja ya Chad, pamene pamakumana maiko a Chad, Cameroon, Nigeria ndi Niger, chifukwa kumeneko njira yonseyi imaonekera poyera.

Mu 1963 nyanjayi inali ndi masikweya kilomita pafupifupi 25,000, kutanthauza kuti inkatsala pang'ono kufanana ndi Nyanja ya Malawi m'kukula kwake. Kusiyana kwake ndi kuya. Ya Chad ndi yosazama, mamita ochepa chabe, ilibe mtsinje wotulukamo, ndipo dzuwa limamwa madzi okwana pafupifupi mamita awiri pa chaka. Madzi ake ochuluka, kuposa magawo 90 pa 100 alionse, amabwera ndi mtsinje wa Chari pamodzi ndi Logone, imene imakumana pa mizinda ya N'Djamena ku Chad ndi Kousseri ku Cameroon. Mvula ikalephera kumtunda kwa mitsinje iwiriyi, gombe limathawa makilomita ambiri m'chaka chimodzi. Chilala cha 1972 mpaka 1973 chinadula nyanjayi pawiri, mbali ya kumpoto ndi ya kumwera, ndipo cha 1983 mpaka 1984 chinaisiya ndi madzi osakwana masikweya kilomita 2,500.

Apa pali chinthu chimene ambiri amalakwitsa. Nyanjayi sikuti ikuphwerabe chaka ndi chaka mpaka kutheratu. Kuchokera m'zaka za m'ma 1990 madzi akhala akubwerera ndi kuthawa mosinthana, ndipo zaka zaposachedwapa vuto lalikulu lakhala kusefukira. Mu 2022 madzi osefukira anakhudza anthu oposa miliyoni imodzi ku Chad, ndipo mu Seputembala 2024 damu la Alau linaphulika n'kumiza mbali yaikulu ya mzinda wa Maiduguri ku Nigeria. Chimene chasokonekera ndi nthawi. Mkulu wa m'mudzi amene kale ankadziwa mwezi umene madzi adzafika ndi umene adzachoka, lero sangalonjeze kanthu. Ndikhulupirira kuti mikangano yambiri ya m'derali gwero lake lili pamenepa.

Kuti mumvetse chifukwa chake, onani mmene dambo lalikulu la mtsinje wa Logone kumpoto kwa Cameroon limagwirira ntchito. Malo amodzi omwewo amadyetsa magulu atatu a anthu, koma mosinthana. Mtsinje ukasefukira cha mu Ogasiti ndi Seputembala, dambo lonse limasanduka nyanja ndipo nsomba zimalowamo kukaswana. Imeneyo ndi nyengo ya asodzi, makamaka a mtundu wa Musgum ndi Kotoko. Madzi akayamba kubwerera cha mu Novembala, nsomba zimatsata madziwo kubwerera kumtsinje, ndipo asodzi amazitchera pakamwa pa ngalande zimene anakumba kuchokera m'dambo kukafika kumtsinje. Alimi nawo amawokera mapira a chilimwe pa dothi lamakande limene lasunga chinyontho, n'kudzakolola cha mu Febuluwale popanda dontho la mvula. Dambo likauma mokwanira kuti ng'ombe n'kupondapo, oweta ziweto, Aarabu a Choa ndi a Fulani, amatsika ndi ng'ombe zawo kudzadyetsa msipu wobiriwira mpaka mvula ina idzagwe cha mu Juni. Ndowe za ng'ombezo zimanenepetsa dambo, ndipo madzi akadzabweranso nsomba zimapeza chakudya. Aliyense amadalira mnzake ngakhale sakondana.

Tsopano tayerekezani kuti mvula yasiya msanga kumtunda kumene ng'ombe zimakhala m'dzinja. Maiwe aphwa milungu ingapo nthawi yake isanakwane. Mbusa sangadikire, pakuti ng'ombe yosamwa masiku awiri kapena atatu m'kutentha kwa kumeneko imayamba kugwa. Amatsikira kudambo mapira akadali m'munda, ngalande zikadali ndi matope. Msodzi naye, poona kuti madzi achepa chaka chino, wakumba ngalande yozama ndi maenje aakulu oti asunge madzi ndi nsomba. Ng'ombe ikafuna kumwa imatsetsereka m'dzenjemo, kuthyoka mwendo kapena kutitimira m'matope mpaka kufa. Kwa mbusa ng'ombeyo ndi banki yake, malowolo a mwana wake, mkaka wa banja. Kwa msodzi ngalande imene ziboda zagumula ndi chakudya cha chaka chonse. Onse awiri akunena zoona, ndipo n'chifukwa chake mlandu wotere umavuta.

Sikuti zonse n'zochokera kumwamba. Mu 1979 boma la Cameroon linamanga damu la Maga ndi khoma m'mbali mwa Logone pofuna kulima mpunga wothirira, ndipo mbali yaikulu ya dambo inasiya kulandira madzi, chilala cha zaka za m'ma 1980 n'kudzapeza malo atafooka kale. Mu 1994 anatsegulako khomalo kuti madzi ena abwerere, msipu ndi nsomba zinayambanso kuoneka. Pamwamba pa izi, chiwerengero cha anthu chakwera kwambiri, ngalande za asodzi zachuluka, ndipo zigawenga za Boko Haram zatseka mabusa ambiri a ku Nigeria ndi a m'zilumba za m'nyanja. Ng'ombe zimene kale zinkamwazikana m'maiko anayi zikupanikizana m'madera ochepa amene ali ndi mtendere.

Mu Ogasiti 2021 mkangano wa ng'ombe ndi maenje a asodzi m'dera la Logone-Birni, kumpoto kwa Cameroon, unasanduka nkhondo pakati pa a Musgum ndi Aarabu a Choa. Bungwe la United Nations loona za othawa kwawo, UNHCR, linati anthu 45 anaphedwa ndipo 23,000 anathawa. Akuluakulu anakambirana, anthu ena anabwerera, koma maenje anali pomwepo ndipo milandu ya ophedwa inali isanaweruzidwe. Pa 5 Disembala chaka chomwecho zinabukanso m'mudzi wa Ouloumsa. Patangopita masiku atatu moto unafika mumzinda wa Kousseri, kumene msika wa ng'ombe unatenthedwa. Pomafika pakati pa mweziwo, malinga ndi bungwe lomwelo, anthu 44 anali ataphedwa, midzi 112 itatenthedwa, ndipo anthu pafupifupi 100,000 atasiya kwawo, ambiri mwa iwo amayi ndi ana amene anawoloka mtsinje kupita ku Chad.

Kodi ng'ombe imodzi ingatenthetse bwanji midzi 112? Nkhuyu zodya ana zinapota akulu. Nthawi zambiri amene ali ndi ng'ombe kubusa ndi mnyamata, ndipo amene amayamba kumuthamangitsa ndi mnyamata mnzake. Nkhani ikafika kubwalo, funso limakhala lakuti woweruzayo ndi wa mtundu uti ndipo wadya za yani. Kumene oweta amakhulupirira kuti mfumu imakondera alimi, ndipo alimi amakhulupirira kuti mwini ng'ombe wagula apolisi, palibe amene amapita kubwalo. Aliyense amaimbira abale ake. Foni yafulumizitsa zinthu moopsa: chithunzi cha mtembo chimayenda pa WhatsApp n'kufika m'midzi makumi angapo dzuwa lisanalowe, nthawi zina chili chithunzi cha kwina ndi chaka china. Mfuti zilipo zambiri chifukwa cha nkhondo za m'derali. Ndipo andale amakhala ali chire, pakuti ku Kousseri mitundu yakhala ikulimbirana mipando kuyambira kale, moti mu 1992 a Kotoko ndi Aarabu a Choa anaphana pa nkhani yokhudza zisankho.

Ndiye ntchito yeniyeni ili m'masiku awiri oyamba. Ng'ombe zikalowa m'munda kapena kugwera m'ngalande, anthu oyeza zoonongeka afike pamalopo pasanathe maola 48, ziboda zikuonekabe pansi ndiponso mapesi asanaume. Gululo likhale ndi mlimi, msodzi, woweta, mlangizi wa zaulimi kapena wa ziweto, ndi nthumwi ya mfumu, ndipo aliyense asankhidwe ndi anthu ake, osati ndi boma kapena bungwe. Muyeso wa chipukutamisozi ugwirizanidwe nyengo isanayambe, anthu mitima ili m'malo. Mwachitsanzo, ngati munda wa mapira umatulutsa makilogalamu 800 pa hekitala ndipo ng'ombe zadya kota ya hekitala, zoonongeka ndi makilogalamu 200, matumba anayi a makilogalamu 50, pa mtengo wa pamsika wa sabata imeneyo. Muyeso womwewo ukhalepo wa ng'ombe yothyoka mwendo, wa yakufa, ndi wa ngalande yogumuka. Dongosolo limene limalipiritsa mbali imodzi yokha limafa m'chaka choyamba. Chinanso chimene chimapha makomitiwa ndi chindapusa chopita m'thumba mwa oweruza. Woweruza akamapindula ndi mlandu uliwonse, milandu siitha, ndipo alimi ena amafika podzala mapira pang'ono pakati penipeni pa njira ya ng'ombe ngati msampha.

Njira za ng'ombe zimafuna kuikidwa zizindikiro zooneka, zipilala zasimenti zopakidwa utoto, pakuti mitengo ndi miyala zimasunthika usiku. M'lifupi mwake musachepere mamita 50, ndipo pofika pamadzi mukule kuposa pamenepo chifukwa ng'ombe zaludzu zimathamanga ndi kumwazikana. Gulu la ng'ombe loyenda ulendo limatha makilomita 15 mpaka 20 pa tsiku, choncho malo omwera ndi ogona akhale motalikirana chomwecho. Njira yopanda madzi ng'ombe siziitsata, ngakhale mutaimanga bwino chotani. Pamene njira ikudutsa ngalande ya asodzi, magombe a ngalandeyo asalazidwe kuti akhale otsetsereka pang'onopang'ono ndipo pansi pake pathiridwe miyala, ntchito imene midzi iwiri ingagwire ndi makasu m'masiku ochepa. Ku Niger kuli mwambo wabwino umene boma linauika m'malamulo: chaka chilichonse akuluakulu a dera amalengeza tsiku limene minda imatsegulidwa kuti ziweto zidye mapesi. Mlimi amene sanatute pofika tsikulo amadziwa kuti mlandu ndi wake, ndipo mbusa wolowa tsikulo lisanafike amadziwanso chimodzimodzi. Koma ndi nyengo ya masiku ano tsikulo siliyenera kukopedwa kuchokera pa kalendala ya chaka chatha. Liyenera kukambidwa mwatsopano poona mmene mvula yagwera, ndipo ngati maiwe akumtunda aphwa msanga, oweta apatsidwe malo odikirira okhala ndi madzi.

Mjigo ndi mphatso imene yayambitsa ndewu zambiri kuposa mmene opereka amaganizira. Tawerengani nokha. Mjigo wabwino wopopa ndi manja umatulutsa malita pafupifupi 1,000 pa ola. Anthu 500, aliyense malita 15 pa tsiku, akufuna malita 7,500, amene ndi maola asanu ndi awiri ndi theka akupopa osapuma. Ng'ombe imodzi m'chilimwe imamwa malita 25 mpaka 30 kapena kuposa, ndiye ng'ombe 200 zokha zikufuna malita 5,000 mpaka 6,000, maola ena asanu kapena asanu ndi limodzi. Tsiku silikwana. Amayi ndi abusa amakumana pa mzere umodzi dzuwa lili pamutu, ndipo zotsatira zake n'zodziwikiratu. Madzi a ziweto akhale ndi chitsime chawo kapena pampu ya sola yokhala ndi thanki ndi zomwera zotalikirana ndi pamene anthu akutunga. Musanakumbe, funsani kuti malowo ndi a yani ndipo ndani amadutsapo m'miyezi imene inu kulibe. Chitsime chokumbidwa pa busa la anthu onse n'kupatsidwa komiti ya mudzi umodzi chimasandutsa busa lonselo kukhala la mudziwo. Komanso madzi osaphwa amakopa ng'ombe zambiri kuposa msipu wozungulira, moti pakatha zaka zochepa pamatsala fumbi lokha.

Mbali imene imandipweteka kwambiri ndi ya malamulo a chitetezo. Boko Haram itaukira matauni a Bosso ndi Diffa ku Niger mu Febuluwale 2015, boma linaletsa njinga zamoto, malonda a nsomba ndi a tsabola wofiira, n'kuchepetsa kagulitsidwe ka feteleza ndi mafuta, pofuna kuumitsa thumba la zigawenga. Mu Meyi chaka chomwecho anthu pafupifupi 25,000 analamulidwa kuchoka m'zilumba za m'nyanja m'masiku ochepa, ambiri n'kuyenda wapansi m'dzuwa. Cholinga chinali chomveka, koma nsomba ndi tsabola ndiwo anali moyo wa dera lonse la Diffa, ndipo njinga yamoto inali ntchito ya anyamata. Anthu a m'mbali mwa nyanjayi akhala akupulumuka chilala posinthasintha: chaka cha madzi ambiri asodza, cha madzi ochepa alima pansi pa nyanja, zikavuta aweta kapena achita geni kutsidya kwa malire. Mukatseka njira zonsezi nthawi imodzi, nyengo yoipa imene akanaipirira imasanduka njala. Gulu la ISWAP, limene linapatukana ndi Boko Haram mu 2016, linaona mpata umenewu. M'madera amene limalamulira limalola anthu kusodza ndi kudyetsa ziweto, limatolera msonkho, ndipo limaweruza milandu ya minda ndi ng'ombe mwachangu. Mnyamata wopita kumeneko kawirikawiri sapitira chiphunzitso, amapitira bwato ndi ukonde. Koma pansi pa zigawenga moyo wa munthu ulibe mtengo. Mu Novembala 2020 alimi osachepera 43 anaphedwa akukolola mpunga ku Koshobe, pafupi ndi Maiduguri. Anapita kumundako akudziwa kuopsa kwake, chifukwa kunyumba kunalibe chakudya.

Za kusamuka, dziwani kuti ambiri sapita kutali. Amatsata madzi, kapena amawoloka mtsinje kupita kwa achibale. Nyanja itathawa m'zaka za m'ma 1980, asodzi a ku Nigeria anaitsatira mpaka kukakhazikika m'dera la Darak, osalabadira kuti alowa m'dziko la Cameroon. Boma lawo linawatsatira ndi masukulu ndi apolisi, nkhaniyo inakafika kukhoti la maiko ku The Hague, ndipo chigamulo cha pa 10 Okutobala 2002 chinati malowo ndi a Cameroon. Pa malamulo, pangano la United Nations la 1951 la othawa kwawo silitchula chilala kapena kusefukira kwa madzi. Chimene chimateteza anthu ngati a ku Logone-Birni ndi pangano la maiko a mu Africa la 1969, limene limalandiranso othawa chisokonezo chachikulu m'dziko mwawo. Osamuka m'dziko lawo lomwe amatetezedwa ndi pangano la ku Kampala la 2009, limene limatchula ngozi zachilengedwe ndi kusintha kwa nyengo. Polemba anthu m'kaundula, lembani zifukwa zonse zimene munthu wanena, za nkhondo ndi za njala zomwe, pakuti kulemba chilala chokha kukhoza kumumanitsa chitetezo chimene akuyenera.

Msasa umene waikidwa molakwika umabala mkangano wachiwiri. Miyezo yodziwika ndi iyi: malita 15 a madzi pa munthu pa tsiku, potunga pasapitirire mamita 500, chimbudzi chimodzi pa anthu 20. Koma miyezoyi siiwerenga eni mudzi, amene nthawi zambiri ndiwo anayamba kudyetsa alendowo mabungwe asanafike ndipo nkhokwe zawo zatha. Mukamagawa chakudya kumsasa kokha, eni mudzi akuonerera kunja kwa mpanda, mwadzala chidani. Mjigo, chipatala ndi sukulu zikhale za onse kuyambira tsiku loyamba. Nkhuni ndi nkhani ina imene imaiwalika. Munthu mmodzi amatha kilogalamu imodzi kapena awiri pa tsiku, ndiye msasa wa anthu 10,000 umadya matani 10 mpaka 20 a nkhuni tsiku lililonse m'dera louma kale. Amayi amayamba kuyenda mtunda wautali, kumene amamenyedwa ndi kugwiriridwa. Mbaula zosatha nkhuni ndi kugawa nyemba zosachedwa kupsa zimachepetsa maulendowa. Oweta othawa nkhondo amabwera ndi ziweto zawo, ndipo msasa wopanda khola, msipu ndi katemera iwo salowamo. Ndipo ngati othawawo ndi a mitundu iwiri imene imamenyanayo, musawaike pamodzi mabala akadali aawisi.

Kwathu kuno tili ndi nyanja ya khalidwe lomweli. Chilwa ndi yosazama, ilibe mtsinje wotulukamo, ndipo inaphwa mu 1968, mu 1995, n'kudzaphwanso kwambiri mu 2018. Ikaphwa, asodzi a ku Kachulu ndi ku Chisi amasamukira ku Chiuta, ku Malombe kapena ku Nyanja ya Malawi, kumene amapeza madoko okhala ndi eni ake ndi malamulo awo, pamene ena amathamangira kukalima pansi pa nyanja pamene palibe malire odziwika. Tilibe zigawenga kapena mfuti zochuluka ngati kudera la Nyanja ya Chad, ndipo sindikufuna kufanizira zinthu zosafanana. Koma mafunso ake ndi omwewo, ndipo ayenera kuyankhidwa madzi akadalipo: pansi pa nyanja pakaonekera agawa ndani, munda wa pamenepo utha liti madzi akabwerera, ng'ombe zidutsa pati popita kukamwa, ndipo msodzi wobwera alandiridwa motani ndi komiti ya padoko.

Chomaliza kuvuta ndi kubwerera kwawo. Boma limafuna anthu abwerere msanga kuti zioneke kuti mtendere wabwera, koma wobwerera amapeza munda wake walimidwa ndi wina, ngalande yake yakwiririka, ndipo amene anatentha nyumba yake akuyenda momasuka pamsika. Asanakwere galimoto anthu onse, papite kaye nthumwi zawo, amuna ndi akazi, zikaone mudzi ndi kukhala pansi ndi mbali inayo. Nkhani ya minda yolandidwa ithe kaye, mbewu ya amene analimapo akolole yekha koma nthaka ibwerere kwa mwini wake. Milandu ya kupha ipite kukhoti, isakwiriridwe ndi mwambo wogwirana chanza pamaso pa akuluakulu a boma. Nthawi yobwerera igwirizane ndi nyengo: mlimi afike mvula isanagwe ali ndi mbewu ndi khasu, msodzi afike madzi asanasefukire ali ndi ukonde, ndipo chakudya chipitirire kuperekedwa mpaka atakolola koyamba. Banja lofika kwawo mu Seputembala popanda munda wodzalidwa limakhala kuti labwerera kumsasa pofika Disembala.